Chisoso M'munda ndi Chisoso Mumphika: Anthu a Otizimu pa Ntchito



Nkhani ya lero ikunena za munthu amene ambiri adakhalapo naye m'ofesi imodzi, ngakhale sadadziŵe chimene chidali mwa iye. Ndi kalaliki amene sachedwa pa ntchito, ndipo mabuku ake saoneka cholakwa chaka ndi chaka. Koma moni wake ngwouma, pa nthaŵi ya tiyi amakhala payekha, ndipo wina akangosuntha tebulo lake osamuuza, tsiku lonselo limamuipira. Anzake amati ngwonyada. Ena amati sadaleredwe bwino. Si onse otere ai, koma ena mwa iwo ali ndi chimene madokotala amachitcha autism pa Chingerezi, dzina limene pakamwa pa Amalaŵi limamveka kuti otizimu.

Otizimu si misala, si nthenda yopatsirana, ndiponso si chizindikiro chakuti makolo adamkhwimira mwana kuti alemere, monga mmene mphekesera za m'midzi zimanenera. Ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, ndipo mbali yaikulu ya chimene chimachititsa imachokera kumtundu. Munthu amabadwa nacho, nakalamba nacho. Chimaonekera m'kalankhulidwe ndi kachezedwe kake, m'kukonda kwake kuchita zinthu mwa njira imodzimodzi, ndiponso m'mene makutu, maso ndi khungu lake zimamvera phokoso, kuŵala ndi kukhudzidwa. Kusiyana pakati pa eni akewo nkwakukulu: alipo amene salankhula konse ndipo amasoŵa wowasamala moyo wawo wonse, aliponso amene adamaliza maphunziro a ku yunivesite. M'chaka cha 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidati pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi otizimu. Anatu amakula, ndipo tsiku limafika pamene amaima pa khomo la ofesi atanyamula kalata yofunsira ntchito.

Munthu woyamba kulembedwa m'mabuku a madokotala pansi pa dzinali adali Donald Triplett, amene adabadwa m'chaka cha 1933 m'tauni yaing'ono ya Forest, m'chigawo cha Mississippi ku America. Ali ndi zaka ziŵiri zokha adali kunena pamtima Salmo 23 lonse, koma akamuitana sadali kutembenuka, ndipo chimene chidali kumkondweretsa ndicho kuzunguza mbale ndi tizinthu tina pansi. M'chaka cha 1937 makolo ake adakamsiya ku nyumba yosungirako ana, koma patapita chaka chimodzi mtima udawapweteka ndipo adakamtenga. Bambo ake, amene adali loya, adalemba kalata ya masamba 33 yofotokoza khalidwe la mwanayo kwa Dr Leo Kanner wa ku chipatala cha Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore. Dr Kanner adamuona mwanayo m'chaka cha 1938, ndipo m'chaka cha 1943 adafalitsa zimene adapeza mwa ana 11 a khalidwe lofanana. Donald ndiye adali woyamba pa mndandandawo.

Gawo la mbiri yake limene mabwana ayenera kulitchera khutu lidachitika kumunda. Ali ndi zaka 9, Donald adapita kukakhala ndi banja lina la alimi, bambo ndi mai opanda maphunziro a udokotala, ndipo adakhala nawo zaka zinai. Mnyamatayo adali ndi chizoloŵezi choŵerenga ndi kupima chilichonse, chizoloŵezi chimene ena akadachiyesa vuto loyenera kuthetsedwa ndi chikoti. Alimiwo sadatero. Poona kuti amakonda kupima, adampatsa ntchito yokumba chitsime ndi kumawauza kuti chafika pakuya motani. Poona kuti amangobwerezabwereza kuŵerenga mizere ya chimanga, adampatsa kavalo ndi pulawo nati aŵerenge mizereyo uku akuilima. Pamene Dr Kanner adakamuyendera m'chaka cha 1945, adampeza akulima mizere itali-itali, akutembenuza kavalo bwinobwino kumapeto kwa munda. Alimi aja sadamsinthe mnyamatayo kuti afanane ndi ana ena. Adayang'ana chimene adali nacho kale nachipezera ntchito.

Donald adapitiriza sukulu, ndipo m'chaka cha 1958 adalandira digiri ya chilankhulo cha Chifalansa ku Millsaps College. Atabwerera kwawo adayamba ntchito ku Bank of Forest, kumene dzina lake lidakhala m'kaundula wa antchito zaka pafupifupi 65. Apa nkhaniyi iyenera kunena chilungamo: bankiyo idali ya akuchikazi a bambo ake, ndiko kuti banja la mai ake, ndipo banjalo lidali lopeza bwino. A Triplett sadakhale pa mzere ndi anthu ena makumi asanu kudikira kufunsidwa mafunso. Akadakhala mwana wa munthu wamba, nkutheka kuti khomo la bankiyo sakadaliloŵa konse.

Ziŵerengero za ku Britain zikuonetsa kukula kwa khomo lotsekekalo. Lipoti limene boma la kumeneko lidatulutsa m'chaka cha 2024, lotsogozedwa ndi Sir Robert Buckland, lidapeza kuti mwa anthu 10 a otizimu a msinkhu wogwira ntchito, pafupifupi atatu okha ndiwo adali pa ntchito. Mwa anthu olumala onse pamodzi adali asanu mwa 10, pamene mwa anthu opanda chilema adali 8 mwa 10. Limenelo ndi dziko lolemera, lokhala ndi malamulo oteteza anthu otere.

Ambiri amagwera pa intavyu. Munthu amaloŵa m'chipinda chachilendo, napeza anthu anai kapena asanu amene sadawaonepo, ndipo m'mphindi 20 ayenera kumwetulira, kucheza, kudzitama pang'ono, ndi kuyankha mafunso opanda malire, onga lakuti, “Tiuzeni za inu.” Munthu wa otizimu angathe kusoŵa poyambira, kapena kuyamba ndi chaka chimene adabadwa osadziŵa polekezera. Akafunsidwa chofooka chake amachinena ndithu, osachikometsa. Choncho amene amapambana ndi wodziŵa kulankhula, ngakhale ntchito imene ikufunidwayo ndi yoŵerengera ndalama kapena yopima magazi, imene sifuna malankhulidwe okoma. Ku Ulaya ndi ku America kuli vuto linanso: munthu wosayang'ana mnzake m'maso amayesedwa wabodza, pamene kwa anthu ambiri a otizimu kuyang'ana m'maso kumaŵaŵa ndipo kumawalepheretsa kumva zimene zikunenedwa. Pa chimenechi mwambo wa kuno udali ndi chifundo kale, pakuti mwana woleredwa bwino amayang'ana pansi polankhula ndi akulu. Nzachisoni kuti maofesi ena adatengera mwambo wa eni ake nayamba kuchotsera munthu mamalikisi kaamba ka maso.

Amene adaganiza zopeza khomo lina ndi Thorkil Sonne wa ku Denmark, yemwe adali mmodzi wa akuluakulu a za umisiri pa kampani ya lamya ya TDC. Mwana wake wamwamuna adapezeka ndi otizimu ali ndi zaka zitatu. Tsiku lina, ali ndi zaka 7, mwanayo adajambula pa pepala timabokosi tambirimbiri tokhala ndi manambala. Bambo ake atalingalira adakatenga buku la mapu a misewu ya ku Ulaya, napeza kuti mwanayo adajambula pamtima tsamba la kumayambiriro losonyeza pamene mapu aliwonse akupezeka, popanda kulakwitsa nambala. A Sonne adadziŵa kuchokera ku ntchito yawo kuti makampani amalira anthu a maso otere, otha kuyesa mapulogalamu a kompyuta mobwerezabwereza osatopa ndi osadumpha kacholakwa. M'chaka cha 2004 adasiya ntchito yawo, adakongola ndalama pochita chikole nyumba yawo, nayambitsa kampani yotchedwa Specialisterne, dzina limene pa chilankhulo cha kwawo litanthauza akatswiri.

Kumeneko ofuna ntchito sadali kukhazikidwa pa mpando wa mafunso. Adali kupatsidwa tizidutswa ta Lego kuti amange timaloboti ndi kutiyendetsa, ndipo oyang'anira adali kuonerera kwa nthaŵi yaitali mmene munthu aliyense amaganizira, chimene chimamsokoneza, ndi malo amene amagwiramo bwino ntchito. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha. Chizindikiro cha kampaniyo ndi kaduŵa kachikasu kotchedwa dandelion, kamene anthu a ku Ulaya amakazula kakamera pa kapinga, chonsecho kamadyedwa ndiponso nkamankhwala. Mlimi wa ku Dedza kapena ku Mzimba sangavutike kumva fanizoli. Chisoso chikamera pakati pa mtedza ndi udzu woyenera kupalira, koma mai akachithyola, nachiphika ndi nsinjiro, ana amanyambita zala.

Makampani aakulu adatengerapo phunziro. M'chaka cha 2013 kampani ya SAP ya ku Germany, yopanga mapulogalamu a kompyuta, idagwirizana ndi Specialisterne nilengeza kuti pofika 2020 ikufuna kuti mmodzi mwa antchito ake 100 aliwonse akhale wa otizimu. Olembedwa kudzera m'ndondomekoyo sadafike pa chiŵerengerocho, komabe anthu ambiri amene adali kukhala pakhomo ndi madigiri awo adapeza ntchito m'maiko osiyanasiyana. Kampani ya Microsoft idayamba ndondomeko yake m'chaka cha 2015, ndipo m'malo mwa intavyu ya ola limodzi idakonza masiku angapo oti ofuna ntchito aonetse zimene amatha.

Pali chenjezo limene liyenera kutsagana ndi nkhani zokomazi. Manyuzipepala amakonda kulemba za anthu a otizimu ngati kuti onse ndi akatswiri a masamu, otha kukumbukira buku lonse pamtima. Ambiri sali choncho. Alipo aphunzitsi, osunga mabuku, opima mankhwala, ojambula mapulani a nyumba, ndi ena a nzeru zapakatikati monga anthu ena onse. Mwambi uja wakuti ukaipa dziŵa nyimbo suyenera kugwiritsidwa ntchito pano, ngati kuti munthu wa otizimu ayenera kugula malo ake ndi luso lodabwitsa. Kalaliki wamba salembedwa ntchito chifukwa chakuti ndi wodabwitsa. Amalembedwa chifukwa atha ntchitoyo.

Tsono munthu akaloŵa ntchito, bwana achite chiyani? Zambiri zofunika sizilira ndalama, ndipo chachikulu mwa zonse ndi kalankhulidwe. Chicheŵa ndi chilankhulo cha ulemu, chokonda kuzungulira. Bwana wofuna kuti kalata ilembedwe msanga amati, “Mukapeza mpata muione kalata ija.” Antchito ena onse amamva kuti kalatayo ikufunika lero lomwe. Wa otizimu amamva mau monga mmene anenedwera: adzaiona akapeza mpata, ndipo mpatawo ungapezeke Lachisanu. Bwana akakwiya, wantchitoyo amadabwa moona mtima, pakuti sadalakwire lamulo lililonse limene adapatsidwa. Zikadatha bwino bwanayo akadati, “Bambo, chonde lembani kalata iyi, ndipo ikhale pa tebulo langa pofika 3 koloko masana ano.” Ulemu ulipo, ndipo tanthauzo nlimodzi. Ntchito zikakhala zingapo, nkwabwino kuzilemba pa pepala ndi kusonyeza yoyamba ndi yomaliza. Zining'a, nthabwala zojeda ndi mafunso onga lakuti, “Kodi muno ndi mumsika?” zimangosokoneza, munthuyo angathe kuyankha mwaulemu kuti ai, muno ndi mu ofesi, anthu nkumuyesa wachipongwe.

Vutoli lili ndi mbali yake yachiŵiri, imene imachotsetsa anthu ntchito. Munthu wa otizimu kaŵirikaŵiri amanena zoona mosapsatira. Pa msonkhano, pamaso pa alendo, angathe kukweza dzanja nkunena kuti, “Bwana, nambala imeneyo njolakwika.” M'maofesi a kuno, kumene mkulu sadzudzulidwa pagulu, mau otere amagwa ngati mwala pa denga la malata. Bwana wanzeru amayamba wadzifunsa ngati nambalayo njolakwikadi. Ikakhala yolakwika, wantchitoyo wapulumutsa ofesi. Pambuyo pake amamuitanira pambali namuuza momveka lamulo limene ena adalidziŵa popanda kuuzidwa, kuti zotere azilemba pa kapepala kapena azinena msonkhano usanayambe. Anthu ambiri a otizimu amasunga lamulo mokhulupirika akangolidziŵa. Chimene chimawagwetsa ndi malamulo amene palibe adawanenapo. Momwemonso akalakwitsa ntchito, auzidwe msanga cholakwacho ndi kakonzedwe kake. Kumukwiyira chamumtima, kumuyankha mozizira ndi kuyembekeza kuti adzazindikira yekha nkutaya nthaŵi.

Za malo ogwirirapo ntchito nzosavuta. Phokoso la lamya, wailesi ya mnzake, jenereta ya kuseri kwa zenera, kapena nyali yaitali ija ya m'denga ikayamba kuphethira, zimene ena saziona nkomwe, kwa iye zingakhale ngati kugwira ntchito m'chigayo. Tebulo la pakona, kutali ndi khomo, ndi chilolezo chovala zotseka m'makutu zimatha kusintha munthu wooneka waulesi kukhala wolimbikira koposa. Zosintha, monga kusamuka ofesi kapena kubwera kwa bwana watsopano, auzidwe kukadali nthaŵi. Akamagwedeza mwendo kapena kuseŵeretsa cholembera asaletsedwe, popeza ndiyo njira yake yokhazikitsira mtima pansi.

Kucheza ndiye nkhani yovutirapo m'dziko lokonda chiyanjano ngati lino. Wosakhala nawo pa tiyi, wosaseka nawo, wosafika pa phwando la kutha kwa chaka amaŵerengedwa ngati wodzipatula. Koma ambiri a otizimu amakhala atathera mphamvu zawo poyesa kuoneka ngati anzawo: kukumbukira kumwetulira, kuloŵeza mayankho a moni, kupirira phokoso. Amafika kunyumba ali ofooka ngati alima tsiku lonse, ndipo zikapitirira zaka amadwala nkhaŵa. Akazi makamaka amadziŵa kubisa, ndipo nchimodzi mwa zifukwa zimene ambiri a iwo amazindikiridwa atakula kale. Ola la nkhomaliro limene munthu wakhala payekha ndilo limamthandiza kumaliza tsiku. Aitanidwe ndithu ku zochitika, koma akakana asasungiridwe mangaŵa. Za maliro, zimene Mmalaŵi sangazipeŵe, mnzake angamuuze mosabisa zoyenera kuchita: kupereka chipepeso, kukhala pansi ndi anamfedwa kanthaŵi, ndi nthaŵi imene angatsanzike. Kusoŵa misozi pa nkhope sikutanthauza kusoŵa chisoni mumtima.

Ku SAP adaona kuti bwana yekha sakwanira, ndipo wantchito watsopano aliyense adali kupatsidwa mnzake wa m'gulu lake womufotokozera za tsiku ndi tsiku, kuonjezera pa mlangizi wochokera kunja kwa gululo. Ofesi ya boma ya pa Ntchisi kapena Mwanza singalembe mlangizi, koma singasoŵe munthu mmodzi wofatsa amene wantchito angamufunse mopanda manyazi kuti, “Achimwene, kodi abwana amatanthauza chiyani muja?” Pokweza anthu pa ntchito pafunikanso kusamala. Mphotho ya wodziŵa ntchito kaŵirikaŵiri imakhala kumuika kuyang'anira anzake, ndipo katswiri wa mabuku a ndalama amasanduka kapitao wosauka mtima. Ena amautha utsogoleri, ena saufuna. Njira yodziŵira ndiyo kumfunsa mwini wake, monganso pa zina zonse zimene zanenedwazi, pakuti chothandiza mmodzi chingakhale chosautsa kwa wina.

Wantchito akaulula kwa bwana kuti ali ndi otizimu, chinsinsicho nchake. Si nkhani yokakamba ku kantini. Ambiri amabisa chifukwa choopa kusekedwa kapena kuchotsedwa, ndipo ena ochuluka sadaonanepo ndi dokotala wodziŵa za zimenezi, kotero kuti alibe chikalata chilichonse. Bwana si dokotala, ndipo sayenera kumata munthu dzina. Koma kulankhula momveka, kulemba malangizo ndi kuchepetsa phokoso sikufuna chikalata cha kuchipatala.

Malamulo nawo sadakhale chete. M'chaka cha 2006 bungwe la United Nations lidakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu olumala, ndipo ndime 27 ya panganolo imanena za ufulu wa ntchito, kuphatikizapo udindo wokonza malo ndi kagwiridwe ka ntchito kuti munthu athe kugwira, malinga ngati kukonzako sikulemetsa wolemba ntchito mopitirira muyeso. Dziko la Malaŵi lidavomereza panganoli m'chaka cha 2009, lidakhazikitsa lamulo la anthu olumala m'chaka cha 2012, ndipo m'chaka cha 2024 lamulo latsopano lidaloŵa m'malo mwake. Kuyambira 2008, tsiku la 2 Epulo limakumbukiridwa pa dziko lonse ngati tsiku la otizimu.

Kunena za a Triplett, iwo sadasinthe kukhala ngati anthu ena a ku Forest. Adaphunzira kuyendetsa galimoto ali ndi zaka 27, adali kuseŵera gofu pafupifupi tsiku lililonse, ndipo adayenda okha m'maiko ambiri. Anthu amene adali kuwadziŵa adali kuwapatsa manambala, aliyense yake, ndipo nambalayo sadali kuiiŵala ngakhale patapita zaka. Moni wawo kwa anthu amene adawazoloŵera nthaŵi zina udali kuwalasa ndi kalamba ka mphira komangira ndalama, ndipo a m'tauniyo adali kudziŵa kuti nchikondi. Atolankhani atabwera kudzafufuza mbiri yawo, anthu a kumeneko adawachenjeza kuti asayerekeze kumchitira zoipa Donald wawo. Adamwalira pa 15 Juni 2023, ali ndi zaka 89, m'tauni yomwe adabadwira.